Keke ya pa ukwati wa abambo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiphika. Mukudziwa inu nomwe mmene Okutobala amachitira kuno ku Bangula. Nkhuku zikuyenda zitatambasula mapiko, kukamwa kuli yasa, ndipo mchenga wa panjira sungauponde wopanda nsapato. Ndimadzifunsa ngati kwanuko kumatenthanso. Inu munkadana nako kutentha, munkanyowetsa chitenje n'kufunda masana dzuwa lili paliwombo, anthu n'kumakusekani. Ngati kumeneko kuli kamphepo ndiye kuti mwapeza bwino, ndipo ine ndikukondwera nanu.

Ndiyambe ndi nkhani zopepuka. Mkazi wa mwana wanu Zuze anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi. Ali ndi chipumi chanu chenicheni, ndipo akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope monga munkachitira inu polowetsa ulusi m'singano. Mapira tinakolola bwinoko chaka chino, mbalame sizinativute kwambiri. Chimanga cha kudimba ndiye mvuu inatithandiza kukolola, inangotisiyira mizere ya kumtunda. Mbuzi yanu yamawanga ija inagwidwa ndi ng'ona ikumwa madzi, koma inasiya ana, ndipo kamodzi katengera mwano wa amake, kamalowa m'khitchini ngati nkwake.

Tsopano khalani pansi, ngati kumeneko kuli pokhala. Abambo akwatira.

Kapena mukudziwa kale? Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene ndimafunitsitsa nditadziwa, ngati inu a kumeneko mumationa tsiku ndi tsiku, kapena mumangodikira kuti wina akuuzeni. Ngati mumationa, ndiye munaona mmene abambo anakhalira chichokereni inu. Anasiya kupita kudambo. Maukonde anangowapachika, makoswe n'kumasewerapo. Ndikawatumizira chakudya, madzulo ndinkachipeza chili chivundikirireni, nyerere zitachipeza kale. Anaonda mpaka lamba anasowa poboola. Ndinkachita mantha, Amayi, kuti tikhala tikukumbanso pafupi ndi inu mvula isanabwere kawiri.

Kenaka tsiku lina anandipempha kuti ndiwasitire malaya. Mawa lake anandifunsa ngati sopo wonunkhira amapezeka pamsika. Ndinadziwa kuti pali munthu. Dzina lawo ndi mayi Dominga, a ku Marka, amuna awo anamwalira kalekale. Mwina munkawaona, ankabwera kudzagula nsomba zouma pamsika wathu, mayi wamfupi, wolankhula Chisena chokhachokha n'kumangothiramo Chichewa pang'ono. Si munthu wa mawu ambiri, koma amene amalankhulawo sazungulira nawo. Anawauza azakhali, mlongo wawo wa abambo, kuti iwo akula, sangathe kumalimbana ndi ana a munthu amene anagona. Anati ngati anawo sakuwafuna, ukwati ukangodalitsidwa adzanyamula kachikwama kawo n'kubwerera ku Marka sabata yomweyo.

Zuze mukumudziwa. Ukwatiwo anaukana, ndipo anakanira pamsika, aliyense akumva. Ine ndinangokhala chete, ndiye anthu anayamba kunena kuti Esnati nayenso sakufuna, akungobisa. Zoona zake n'zakuti tsiku loyamba ndinalira, sindikubisirani. Zinandiwawa kuganiza kuti munthu wina azidzasesa pabwalo panu. Koma ndinkafunanso abambo amoyo, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti ayambanso kumaliza mbale. Vuto langa ndi pakamwa. Inu munkati Esnati mawu ake amathera m'manja, ndipo simunkanama. Ndikakumana ndi mayi Dominga ndinkangowapatsa moni n'kuyang'ana pansi, iwo n'kumaganiza kuti ndikunyansidwa nawo. Choncho abambo atandipempha kuti ndiphike keke ya paphwando, anthu akadzachoka kutchalitchi, ndinati basi, kekeyo ndiyo ikandilankhulire. Ndinafuna ikhale keke yoti munthu akaiona adziwe kuti wolandiridwa ndi iyeyo.

Ndinali nditaona keke ina pa foni, yosiyana ndi zimene timaziona m'maukwati muno. Sinali yafulati ayi, inali yotumphuka ngati kachulu, yosalala, yoyera, pamwamba pali maluwa. Atadula, mkati munali zinthu zofewa zoyalana bwinobwino. Inandisowetsa mtendere. Imaima bwanji osagwa? Zamkatizo amazilowetsera pati, poti palibe chibowo? Chitini chake amagula kuti? Ndinaonerera kakanema kaja mobwereza mpaka foni inatentha, ndipo ndinapeza kuti nkhani yake ndi yoseketsa. Keke imeneyi siphikidwa chotumphuka. Amaimanga mkati mwa bakuli, chadodolido, kenaka n'kuitembenuza. Ndinaseka ndekha, ndinati Amayi akanaona izi akanati azungu ayamba kumanga nyumba kuyambira kudenga.

Mabakuli anga ozungulira ndi aang'ono, sakanakwanira anthu onse aja. Ndiye ndinatenga bakuli lanu lalikulu loyera lija, la mkombero wabuluu, limene munkaikamo mlamba kukabwera alendo. Mukulikumbukira kuti si lozungulira kwenikweni, ndi lotalikirako mbali imodzi. Ine ndinati palibe kanthu, bola kukula.

Kuphika kwake ndinachita monga munandiphunzitsira pa chigumu. Ndinathira mchenga wa kumtsinje m'sefuliya yaikulu ija, n'kuika pambaula kuti utenthe. Ndinapaka majarini ndi shuga mpaka dzanja linachita dzanzi, n'kuswera mazira a nkhuku zathu, fulawa wosefa, kamkaka. Chitini ndinachikhazika pamchenga, n'kuvundikira ndi lata, makala pamwamba. Mawu anu ndinkawamva m'khutu, akuti moto wapansi uzikhala waulesi, wapamwamba ndiwo uzigwira ntchito. Ndinaphika makeke opyapyala angapo, ndikumabaya ndi kamtengo kuti ndione ngati apsa. Yoyamba ndinailekerera kuzizira kwambiri, poipinda kuti ilowe m'bakuli inathyokathyoka. Ndinaphunzirapo kuti imafuna kuipinda ikadali yofunda, isanaume mtima. Zothyokazo sindinataye, ndinaziika pambali.

Ndinayala pulasitiki m'bakuli kuti keke isadzakakamire, kenaka ndinayamba kuyala zidutswa m'kati monsemo, kuyambira pansi kukwera m'mbali, ndikumatseka mipata ndi tizidutswa ting'onoting'ono ngati munthu womata nkhokwe. Inali ntchito yokoma, Amayi. Ndinkangoganiza kuti pamene ndikugwira pano, pansi penipeni pa bakuli, mawa ndiye padzakhala pamwamba.

Zamkati ndiye zinandizunguza mutu. Mayi amene ankaphika m'kakanema kaja anathiramo kirimu, koma kwawoko kukuoneka kuti anthu amavala majuzi. Kuno kirimu angafike madzulo asanasanduke madzi? Ndinaganiza za malambe. Ndinawaviika mumkaka, n'kufinya kuchotsa nthanga ndi ulusi wake, n'kusefa, kenaka ndinaphika ndi kasitadi ndi shuga mpaka zinalimba kuposa phala la mwana. Nditalawa ndinadabwa ndekha, kuwawasa kwa malambe kuja kunagwirizana ndi shuga ngati zinabadwira pamodzi. Kodi inu munayamba mwaganizapo kuti malambe, amene tinkangomumunya pobwera kusukulu, angalowe mu keke? Ndinathira m'bakulimo, n'kuyala mango oyambirira odulidwa, n'kuika keke ina pakati, n'kuthiranso, mpaka linadzaza. Ndinatseka ndi keke yomaliza, n'kuika mbale pamwamba, n'kutsindira ndi kamwala kanu koperera mapira. Mayi wa golosale ya pafupi ndi ife anandilola kuika mufiriji yawo, pakati pa mabotolo a zakumwa, ndipo magetsi anatichitira chifundo, sanazime.

Loweruka m'mawa, tsiku la ukwati, ndinakalitenga bakuli lija. Ndinalivundikira pa thireyi, n'kuligogoda pang'ono, n'kulinyamula. Keke inatsala pa thireyi itaima yokha, yosagumuka pena paliponse. Ndinavina m'khitchini ndekhandekha, kambuzi kamwano kaja kakundiyang'ana.

Apa ndi pamene zinayambira kupotoka, ndipo ndikufuna mutsatire bwino kuti muone kuti chilichonse ndinachita chinali ndi chifukwa chake. Ndinakonza aisingi woyera, wa majarini ndi shuga wosalala uja, ndipo ndinayamba ndayesa pa kachidutswa. Ndisanatembenuke n'komwe anali atayamba kale kuyenderera ngati mafuta. Ndinati woyera walephera, dzuwa la kuno silimufuna. Ndiye ndinaphika koko ndi shuga ndi kamkaka mpaka zinalimba, n'kumata keke yonse. Zinagwira bwino, koma zinali zonata, zala zinkadindika, ndipo ntchentche zinayamba kuitanizana. Ndinakumbukira zothyoka zija. Ndinazifikisa kukhala nyenyeswa, n'kusakaniza ndi mtedza wokazinga wosinja ndi kakoko pang'ono, n'kuwaza paliponse. Kunata kunatha, koma keke inaoneka yosavala. Ndinathamangira kumpanda wa kutchalitchi kukathyola maluwa ofiira ndi oyera aja, ndipo poti pa foni paja maluwa anali ozungulira, ndinaluka tinkhata n'kutiyala pamsana pa keke. Chinatsala ndi mayina. Pa nyenyeswa sungalembepo, ndiye ndinadula kakatoni koyera, n'kulembapo mayina a akwati ndi tsiku lake, n'kukamangirira ku kamtengo. Pakati panali maluwa, choncho ndinakazika kumapeto, mbali imodzi.

Ndikudziwa kuti pofika pano mwagwira kale pakamwa. Ine sindinaone kanthu, Amayi. M'mawa wonse mphuno yanga inali pa keke pomwepo, ndikuyang'ana kampata aka, kaduwa ako. Ndinaivundikira ndi beseni lochapira kuopa ntchentche, n'kupita kukasamba ndikuimba.

Phwando linali pabwalo panu, pansi pa mtengo wa nimu. Anthu anabwera ambiri kuposa amene tinawaitana, monga mwa nthawi zonse. Panali mpunga, nyama ya mbuzi, mlamba wowamba ndi thobwa la mapira. Abambo anavala jekete ndi chipewa pa kutentha konse kuja, thukuta lili kamukamu, koma akumwetulira. Mayi Dominga anakhala pambali pawo atavala chitenje chatsopano, manja ali pamiyendo. Zuze anabwera ndithu, koma anakaima kumbuyo, atatsamira njinga yake, kuti aliyense aone kuti sanakhale pansi.

Nthawi ya keke itakwana, amayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo. Ndinabwera nayo movina, n'kuikhazika pa tebulo loyalidwa nsalu yoyera. Nthungululu zinali pakamwa pa aliyense. Ndinachotsa beseni.

Nthungululu zija zinathera pakhosi. Nyimbo inapitirira pang'ono kumbuyo, kwa amene sankaona, kenaka nayo inazima. Azakhali anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Esnati, mwana wa achimwene, watani?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ndinayang'ana keke, sinagwe, sinasungunuke. Kenaka ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione chimene iwo akuona. Munkandiuza kuti ndikamaliza kuzira nyumba ndizituluka kaye panja n'kulowanso ngati mlendo, ndipo tsiku limenelo ndinaiwala. Nditaima patali ndinauona. Unali mtumbira, Amayi. Wotalika mbali imodzi, dothi lake lofiirira longokumba kumene, nkhata za maluwa pamwamba, kachikwangwani ka mayina kumutu. Unali wanu weniweni, monga tinausiyira tsiku lija. Ndipo pa kachikwangwaniko panali dzina la abambo ndi la mayi Dominga.

Abambo anavula chipewa. Sindikhulupirira kuti anadziwa kuti avula, dzanja linangopita lokha monga limachitira kumanda. Kumbuyo ndinamva wina akunong'ona kuti wachita dala, akuwakumbutsa mayi ake. Wina anati si kukumbutsa kumeneko, n'kutemberera. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi Zuze. Ndinakumana naye maso, ndipo ankandiyang'ana mwaulemu, ngati ndachita chinthu cholimba mtima chimene iye sakanatha. Ndinafuna kufuula kuti ayi, si choncho, koma pakamwa panga mukupadziwa.

Mayi Dominga anaimirira, n'kumanga bwino chitenje. Ndinati basi, akukatenga kachikwama kaja, ndawathamangitsa ndi manja anga, ndipo abambo abwerera ku mbale zosavundukula. Koma sanalowere kunyumba. Anabwera ku tebulo, n'kulizungulira pang'onopang'ono, akuyang'ana keke mbali zonse monga amayang'anira nsomba asanagule. Anawerama n'kununkhiza. Kenaka anandifunsa kuti mkatimo muli chiyani. Ndinati malambe ndi mango. Anabwereza mawu akuti malambe, ngati sakukhulupirira, n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Mwananga, mwachita dala?"

"Ayi, mayi. Ndimafuna ikongole. Ndimafuna mudziwe kuti mwafika."

Mawu amenewa sindikudziwa kumene anachokera, ndipo anatuluka pamodzi ndi misozi. Iwo anazula kachikwangwani kaja n'kupatsa abambo kuti asunge m'thumba. Anachotsa tinkhata tija kamodzikamodzi n'kuika pambali. Atatero anatembenukira kwa anthu.

"Ine ndaika anthu ambiri. Palibe manda amene anandinunkhirapo shuga. Bweretsani mpeni."

Palibe anaseka nthawi yomweyo. Mukudziwa chimene anthu ankaopa. Amene amadya za kumanda timawadziwa dzina lawo, ndipo panalibe wofuna kuoneka akutafuna chinthu chooneka choncho masana, mudzi wonse ukuona. Azakhali anali atayamba kale kunena kuti kuli bwino ingochotsedwa, ikatayidwe kumtsinje. Koma mayi Dominga analandira mpeni n'kudula pakati penipeni, kuchoka uku kufika uko, n'kukankhira mbali ziwirizo padera. Mkati munaoneka moyera ndi mwachikasu, mizere yoyalana bwinobwino, malambe atagwira osayenderera. Ngakhale ndinali m'misozi, ndinasuzumira ndithu kuti ndione ngati zatheka, ndipo zinali zitatheka kuposa za pa foni zija.

Anadula kachidutswa n'kudya iwo oyamba, anthu onse akuwayang'ana pakamwa. Anatafuna mosafulumira, n'kumeza, n'kundiuza kuti takhuta, monga amathokozera kwawo. Chachiwiri anadyetsa abambo, amene anayamba avala kaye chipewa chawo. Chachitatu anachiika pa mbale, n'kudutsa nacho pakati pa anthu onse mpaka kumbuyo kumene kunali njinga, n'kumupatsa Zuze ndi manja awiri. Munthu wamkulu akakupatsa chinthu ndi manja awiri pagulu, ungatani? Analandira. Anaima nacho kanthawi akuyang'ana kumbali, kenaka analuma. Sindikunena kuti mtima wake watembenuka, Zuze satembenuka tsiku limodzi. Koma theka lake anakulunga m'pepala kuti akapatse mkazi wake.

Zitatero amayi ena anayamba kusendera, woyamba mwamanyazi, enawo mothamanga. Azakhali amene ankati ikatayidwe kumtsinje anadya kawiri, ndipo pochoka anandikokera pambali kundifunsa kuti malambewo ndinawatani kuti asawawase kwambiri. Nkhani yake ndiye yafika kale mpaka ku Nsanje. Ndikamadutsa pamsika anyamata ogulitsa nsomba amavula zipewa n'kuweramitsa mitu, ndipo ndasiya kukwiya, ndimangowauza kuti adzaona pa maukwati awo.

Mawa lake ndinapita kukathandiza kutsuka ziwiya. Tinakhala awiri pa mpanda, ine ndi mayi Dominga, ndipo kanali koyamba kuti ticheze. Anandifunsa za inu. Anafuna kudziwa ngati munali munthu wokonda kuseka, nyimbo imene munkaikonda kutchalitchi, ndiponso mmene munkawachitira abambo akayamba kuuma mutu. Ndinawauza zonse, mpaka za chitenje chonyowa. Nanenso ndinawafunsa za kwawo, ndipo ndinamva kuti kupatula amuna awo anaikanso ana awiri. Kenaka anandiuza chinthu chimene chandichititsa kuti ndikulembereni. Anati chifikireni pakhomo pano akhala akusowa mtendere, chifukwa akugona m'nyumba ya munthu, akuphika pa mafuwa ake, koma iwo sanamupatse moni mwini wakeyo. Anandipempha kuti anthu akamadzalambula kumanda mvula isanagwe, ndidzawatenge ndikawaonetse pamene mwagona.

Ndinawauza kuti ndiyambe ndakufunsani. Sanadabwe, anangogwedeza mutu n'kupitiriza kutsuka.

Ndiye ndikufunsani, Amayi. Mayi Dominga ku Marka sanabwerere. Dzulo abambo anadandaula kuti ndiwo zachepa, ndipo ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira ndi chimwemwe. Pali funso limodzi limene landikhala pamtima chichitikireni zonsezi: mukanakhala inu pa mpando umene uja, mlendo pakati pa anthu a eni, mwana wa mkazi mnzanu n'kukuikirani chinthu chotere patsogolo, mukanautenga mpeni uja? Ndaganiza nthawi yaitali, ndipo ndikuona kuti mukanautenga, kungoti mukanayamba mwandikalipira kaye. N'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti mukanagwirizana nawo mayi amenewa.

Tsiku lolambula ndidzabwera nawo, ndikulonjeza. Ndidzagwada kumutu kwanu n'kukuuzani ndi pakamwa panga, osati ndi manja, kuti awa ndi amene akutisungira abambo. Muwalandire bwino.

Ndimakukondani lero monga ndinkakukonderani muli pano.

Ndine mwana wanu,
Esnati